Manja Okha Basi

Mchimwene wanga anali ndi nkhope. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa masiku ano ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anali nayo ndithu, mphuno ili pamalo pake, maso awiri, makutu. Ndinamusambitsa ndi manja angawa ali wakhanda, ndinamupukuta mamina mpaka atayamba sukulu. Komanso ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Tsiku lonse ndimakhalira kugwira mitu ya anthu, ndipo mayi amene ndinamuluka chaka chatha ndimamuzindikira ali tsidya lina la msewu. Ndiye wina asandiuze kuti ndine woiwalaiwala.

Kwathu tinkamutchula kuti Kachiwala chifukwa cha timiyendo take. Atakula anakhala wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, kufupi ndi fakitale ya mapulasitiki komwe amuna anga amagwira ntchito. Pakhondepo ankakhala ndi mnzake wina wotchedwa Bulashi, munthu wolongolola ngati wailesi. Kachiwala ntchito ankaidziwa, koma ankachita nayo manyazi. Akaona amene anaphunzira nawo sukulu akudutsa atamanga tayi, ankawerama n'kumafunafuna msomali umene sunagwe n'komwe.

Nzeru ya mavidiyo inabwera ndi mkazi wake. Mlamu wangayo si munthu woipa, ndinenerethu, ngakhale kuti ine ndi iye sitinkachedwa kukwezerana mawu. Ndi mkazi wochangamuka, foni siichoka m'manja mwake.

"Anthu amakonda kuona chinthu chakuda chikuyera," anauza mwamuna wake tsiku lina ndili kwawoko. "Nsapato yonyansa, yotola kudzala, munthu n'kuitsuka mpaka iwale. Kavidiyo kakafupi chabe. Owonera akachuluka pa intaneti, ogulitsa polishi amakulipira kuti chitini chawo chizioneka patebulo. Bambo a Tsabola, zimenezi zingakukanikeni?"

"Kuti dziko lonse lizindiona ndikupukuta nsapato?" anatero Kachiwala. "Ayi, mayi. Bola mungondipha."

"Nkhope yanu akuifuna ndani? Manja okha basi."

Tinaseka tonse. Ine ndinathirira ndemanga kuti nkhopeyo ngakhale ataiika ingothamangitsa owonera, iye n'kundiponyera chiguduli cha polishi.

Anakonza malo m'chipinda chochezera. Tebulo analiyala nsalu yoyera, pakhoma anakhomera mwendo wa mpando wothyoka, ndipo foni ankaimangirira kumwendoko ndi mphira, itayang'ana pansi. Chimene foniyo inkaona chinali nsalu, nsapato, ndi manja awiri. Manjawo anali odziwika. Kudzanja lamanzere kunali wotchi ya malemu bambo athu, yong'aluka galasi, komanso chikhadabo cha chala chachikulu chinali chakuda bii, chifukwa anachimenya ndi hamala ali mnyamata ndipo sichinayerenso. Akamaliza nsapato ankaigogoda kawiri ndi chikhadabocho, go go. Sichinali chinthu chopangira kamera ayi, ankatero kuyambira pakhonde paja.

Zinthu zinayenda, osati masewera. Sindidziwa kuti anthu a kunjaku ali ndi vuto lanji m'mitima mwawo, koma anakhamukira kudzaonera nsapato zikusamba. Ndalama zinkalowera pa foni. M'nyumba munaoneka makatani atsopano, mwana wawo Tsabola, amene anali atangoyamba sukulu, anagulidwa chikwama cha matayala, ndipo ine amene ndinkaseka uja ndinayamba kupempha nsapato zakutha kwa makasitomala anga n'kumakasiya. Pakhonde paja Kachiwala anamusiyira Bulashi. Manja tsopano anali munda wawo, ndiye ankawadzoza mafuta m'mawa ndi madzulo, sankaloledwa kunyamula makala, ndipo padzuwa sankatulukanso wamba.

Koma ntchito iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo a ntchito iyi anali achilendo. Loyamba linali la kukhala chete. Owonerawo ankafuna kumva bulashi ikukhula, thovu likuphulika, chingwe chikulowa m'bowo. Munthu akangotsokomola, vidiyo yawonongeka. Nyumba imene kale phokoso lake linkafika kumsewu inangoti zii, anthu n'kumalankhulana ndi maso. Kachiwala, amene anali kale wa mawu ochepa, anazolowera kunong'ona ngakhale foni itazimitsidwa.

Kenako panabwera za nsalu yakuda. Nsapato yachikopa ikapukutidwa bwino imasanduka galasi, ndipo tsiku lina wowonera wina analemba pansi pa vidiyo kuti waona chipumi cha mwini manja kutsogolo kwa nsapato. Kachiwala sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake anatenga nsalu yakuda yopyapyala, ija amaika m'kati mwa siketi, n'kudzifunditsa kumutu. Iye ankaona bwinobwino ali m'nsalumo, koma nsapato sinkamuonanso. Galasi la pakhoma analichotsa. Chithunzi cha ukwati wawo, poti nachonso chinkaonekera m'nsapato, anachilowetsa kuseri kwa kabati komwe chinyezi chinachidya. Foni ikadzaza, mlamu ankafufuta zithunzi zakale kuti mavidiyo apeze malo.

Ndiye tangoganizani. Mwana waweruka kusukulu, watsegula chitseko pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, n'kupeza munthu wopanda mutu ali patebulo, manja okha akuyendayenda pansalu yoyera. Ine nditaziona koyamba thupi lonse linachita tsembwe. Koma Tsabola sankaopa. Ankavula nsapato zake, n'kukhala pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo, maso ali pamanja a bambo ake, kudikira go go uja. Akamveka, ankawomba m'manja mosatulutsa phokoso.

Choyamba kumukana Kachiwala inali foni yake yomwe, ya mtundu uja umatseguka ukaona nkhope ya mwini wake.

"Achemwali, foni yangayi yayamba mwano," anandinong'oneza tsiku lina. "Ndikaiyang'ana ikuti sikundidziwa."

"Uzisamba kumaso, iwe," ndinamuyankha.

Patapita masiku anandiuzanso za mayi wa pagolosale, amene ankawagulitsa sopo chikwatirire. Akuti analowa, mayiyo n'kumufunsa mwaulemu ngati mlendo kuti amuthandize chiyani. Atangotsamiritsa dzanja pakauntala, mayiyo anafuula kuti, "Aa, ndi inu kodi!" Kachiwala ankafotokoza akuseka, koma kusekako kunathera panjira.

Ine ndinkaseka nawo mpaka tsiku la m'minibasi. Ndinkachokera kogula mesh, tsitsi loikirira lija, ndi ulusi wolukira, nditatopa. Bambo wina anasendera kundipatsa malo, ndipo tinayenda mtunda wautali mapewa atagundana. Ankangondiyang'anayang'ana, moti mumtima ndinati, bambo wopanda ulemu uyu, mkazi wa mwini amamuyang'ana chonchi? Ndinali pafupi kumulalatira pamene kondakitala anayamba kutolera. Bamboyo anatambasula dzanja. Wotchi yong'aluka, chikhadabo chakuda.

"Ya awiri," ananong'ona.

Ndinatembenuka. "Kachiwala! Nanga osandilankhula bwanji?"

"Ndimafuna ndione ngati mundidziwe."

"Ndimaganiza zanga, iwe. Ukudziwa mmene mitengo yakwerera?"

Sanatsutse. Anayang'ana pawindo, kenako anati, "Tsiku lina ndidzangoima chete, manja m'thumba, ndione amene adzandiitane."

"Usamalankhule zopusa," ndinatero, ndipo ndinamugwira mkono mpaka tinatsika.

Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde n'kutseka maso kuti ndimuone. Nkhope ya malemu bambo inabwera bwinobwino, ndi kachipsera kawo ka pachibwano. Ya amayi inabwera. Ngakhale ya kondakitala uja inabwera, ndi dzino lake lothyoka. Koma ndikati Kachiwala, munkabwera khosi la malaya, pamwamba pake nsalu yakuda. Ndinachita mantha, mantha enieni, amene sindinawamvepo chimwalirireni amayi.

M'mawa mwake sindinatsegule saluni. Ndinapita kwawo, ndinamutulutsa panja, ndinamuimika padzuwa ngakhale mlamu ankadandaula za manja. Ndinamuyang'anitsitsa ngati mutu umene ndikufuna kuuluka. Zonse zinalipo, ndipo pamene ndinkamuyang'ana ndinkadziwa kuti ndi iyeyo. Ndinatulutsa foni yanga n'kumujambula, mtima n'kukhala pansi. Ndili m'njira yobwerera ndinati ndichionenso chithunzicho. Munali manja awiri atagwirana pamimba, wotchi, ndi mabatani a malaya. Mutu unathera kunja. Palibe amene anandigwedeza mkono, ndinajambula ndekha.

Ndinabwerera pomwepo. Ndinamupeza mlamu kukhitchini akudula vidiyo pa foni.

"Mlamu, tatsekani maso. Amuna anu ali ndi ndevu kapena alibe?"

Anaseka, n'kutsekadi maso. Anakhala choncho nthawi yaitali, kuseka kuja kukuchoka pang'onopang'ono. Atatsegula anati, "Mafunso anjinso amenewa, alamu? Ndili ndi ntchito ine." Maso anawabwezera pa foni. Pachitseko cha kabati panali pepala limene Tsabola anajambula kusukulu, la banja lawo. Amayi ake anawajambula ndi tsitsi ndi ndolo. Iye mwini anadzijambula ndi chikwama cha matayala. Pambali pawo panali manja awiri akuluakulu, opanda thupi, chala chimodzi chopakidwa makala.

"Tasiyani kaye zimenezi, ngakhale mwezi umodzi," ndinawapempha onse awiri Kachiwala atalowa kukhitchiniko. "Munthuyu azituluka, anthu azimuona."

"Alamu, simukuwadziwa makina a pa intanetiwa," anatero mlamu. "Amaiwala msanga. Ukangodumphitsa masiku angapo osaika vidiyo, amakutaya n'kuyamba kuonetsa za anthu ena. Ndiye tibwerere pakhonde?"

Kachiwala anatenga nsalu yake n'kudzifunditsa.

Ngozi inabwera ndi nsapato zoyera zamasewera. Owonera anali atatopa ndi zachikopa, ankafuna kuona soli yachikasu ikuyera mbee pamaso pawo. Mlamu anawerenga penapake kuti mankhwala aukali aja otsegulira mapaipi otsekeka amachita zimenezo. Koyamba Kachiwala anavala magolovesi, ndipo ndemanga zinagwa ngati matalala. Amenewa si manja athu. Chikhadabo chili kuti? Tibwezereni manja athu. Ndiye tsiku lotsatira anavula magolovesi.

Anajambula koyamba, kuwala kunali kochepa. Anajambulanso, galu wa aneba anauwa. Anabwerezanso, manja ali m'beseni la mankhwala, chinkhupule chikuyenda pasoli. Mlamu akuti sanadziwe chilichonse, chifukwa maso ake anali pa foni, ndipo munthu wofunda nsalu kumutu sungamuone kuti akukukuta mano. Sanalire, sanabuule, poti zikanawononga vidiyo. Anamaliza nsapato, anaigogoda kawiri, kenako anagwa pampando. Vidiyo imeneyo ndi imene inaoneredwa kuposa ena onse.

Kuchipatala anakhalako masabata angapo. Ana saloledwa m'wodi, ndiye Tsabola sanamuone. Mlamu ankabwera masiku oyamba, anatenga wotchi ija kuti akaisunge, kenako anayamba kutumiza chakudya kudzera mwa ine. Ine ndinkamupeza mosavuta, bedi la pawindo, bambo wa manja okulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono. Ndinkamudyetsa ndi supuni ngati kale, ndikumunena kuti wakula koma akadali wotayirira pachifuwa. Ndinkamuyang'ana kwambiri. Ndikangotuluka pageti, nkhope ija inkatsalira m'wodimo.

Tsiku lina ndikuluka mayi wina musaluni, ndinamva phokoso lodziwika likuchokera pa foni yake. Bulashi ikukhula. Ndinasuzumira paphewa pake. Nsalu yoyera, wotchi yong'aluka, chikhadabo chakuda. Ndinati mwina ndi yakale imene mlamu anasunga. Koma nsapatoyo ndinaizindikira, inali yofiirira ya chidendene chachitali, imene ndinakasiya ndekha kunyumba kwawo Kachiwala atagonekedwa kale. Manjawo anamaliza n'kugogoda, go go. Ndinamukoka tsitsi mayi uja mpaka anakuwa. Kwa Kachiwala sindinanene kanthu, ndinasowa poyambira.

Anamutulutsa tsiku lozizira, lamphepo, dzuwa litapendeka. Zovala zimene anabwera nazo zinali zitadyeka ndi mankhwala, ndiye ndinamutengera ovololo ya amuna anga, ya buluu ija amavala onse a kufakitale. Nditamuveka, ndinavula mpango wanga wofiira kumutu n'kumumanga pamkono, pamwamba pa bandeji.

"Mukuopa kuti ndisochera?" ananong'ona.

"Ndikuopa kuti uzizidwa. Tiye."

Anauyang'ana mpangowo, anandiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti wamvetsa. Njira yonse sindinachotse maso pa chofiiracho. Iye ankangokamba za Tsabola, kuti kaya watalika, kaya dzino lija linagwedera lachoka.

Tisanafike pakhomo tinamva bulashi. Kachiwala anaima. Kenako anakankha chitseko ndi phewa, pang'onopang'ono, monga mwa lamulo la nyumbayo.

Patebulo panali munthu wofunda nsalu yakuda. Manja ake ankayendayenda pansalu yoyera, wotchi ya bambo athu ili pamkono, chikhadabo chili bii. Tsabola anali pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo, atatsamira bondo la munthuyo. Tinaima pakhomo osapuma bwino mpaka nsapato inatha. Go go. Mwana anawomba m'manja mosatulutsa phokoso. Mlamu anazimitsa foni, n'kutembenuka akumwetulira.

"Alamu, takulandirani. Mwabwera ndi alendo?"

Sanali kuchita chipongwe, ndikulumbira. Ankamuyang'ana mwamuna wake kumaso ndi ulemu wonse umene munthu amapatsa mlendo. Kenako maso ake anatsikira pamabandeji, ndipo ndinamuona akuwerengetsa m'mutu ngati mwana wasukulu. Anagwira pakamwa.

"Bambo a Tsabola... ndi inu? Paja anati mutuluka mawa?" Funsolo ankafunsa iye, koma maso anali pa ine, kuti ndimutsimikizire.

Tsabola anazemba kuseri kwa mpando. "Adadi," anatero akukoka malaya a wofunda nsalu uja, "kwabwera munthu."

Apa ndiye magazi anandithamangira kumutu. Ndinalumpha n'kukoka nsalu ija. Anali Bulashi, thukuta lili kamukamu, akuphethira ngati wadzutsidwa kutulo. Wailesi uja anali ataphunzira kunong'ona nayenso.

"Achemwali, ine anangondipempha kuti ndigwirizire," anatero. "Mpaka mnzangayu achire. Chikhadabochi ndi polishi chabe, onani." Anayamba kumasula lamba wa wotchi.

Mwana anakuwa. Sindinamumvepo akukuwa choncho m'nyumba imeneyo. Anagwira mkono wa Bulashi ndi manja onse awiri, atatsekereza wotchiyo. "Adadi musavule! Musavule!" Nkhope ya Bulashi inali poyera, ndevu zake, mphuno yake yaikulu, munthu wosiyana kutalitali ndi bambo ake. Mwanayo anaiyang'ana kamodzi, osadabwa n'komwe, maso n'kubwerera pamanja.

Kachiwala anagwada pansi movutikira, poti analibe pogwira. "Tsabola," ananong'ona. "Ndi ine, mwanawe. Tandiyang'ana."

Anamuyang'ana. Anali mwana woleredwa bwino, ndiye anamuyang'anadi, nthawi yaitali. Kenako anati, "Onetsani manja."

"Achemwali, ndimasuleni."

"Anamwino anati asakhudzidwe mpaka..."

"Ndimasuleni, chonde."

Ndinayamba ndi mpango wanga, poti unali pamwamba. Kenako ndinazunguliza bandeji, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka manja anatulukira. Khungu linali latsopano, lofiirira, lonyezimira ngati la khanda. Mizere yonse ya m'manja inali itafufutika. Zikhadabo zinali zitachoka, chakuda chija pamodzi ndi zinzake. Mlamu anayamba kulira mosatulutsa mawu. Kachiwala anakweza dzanja lamanzere, anafikira nsapato ija patebulo, n'kuigogoda kawiri ndi chala chachikulu. Ndinaona ululu ukumudutsa thupi lonse. Koma chala chopanda chikhadabo sichilira, ndipo m'nyumba yachete ngati imeneyo tonse tinamva kuti sipanamveke kanthu.

Tsabola anapukusa mutu. Anayankha mofatsa, ngati akuthandiza munthu wosochera. "Adadi anga ndi awa."

Zimene ndinalankhula pambuyo pake sindingazibwereze zonse. Ndinamutukwana Bulashi, ndinamuuza kuti avule wotchi ya bambo anga asanaone zakuda. Ndinamulalatira mlamu kuti wagulitsa mwamuna wake chidutswachidutswa. Iye ankalira akuti, nanga tikanadya chiyani, alamu, nanga mankhwala akewo tikanagula ndi chiyani, ndipo inu nomwe simunkabweretsa nsapato? Mwana ankakuwa, Bulashi ankapepesa, galu wa aneba ankauwa. Phokoso lonse limene nyumbayo inasunga kwa chaka linatuluka nthawi imodzi, ndipo mkati mwake ndinamva belu la kufakitale, imene sinali patali ndi nyumbayo, likulira kuti anthu aweruke.

Nditatembenuka kuti ndimuuze Kachiwala kuti tiye kwathu, pamene anagwada paja panali mabandeji okha. Chitseko chinali chotseguka pang'ono. Anatuluka monga aliyense ankatulukira m'nyumbamo, osamveka. Ndinayang'ana m'dzanja langa, ndipo mpango wofiira uja ndinali nditaufumbata ine.

Ndinathamangira kumsewu. Fakitale inali itangokhuthula anthu ake. Amuna odzaza msewu wonse, onse ovololo ya buluu, onse atakweza mapewa chifukwa cha mphepo, onse manja m'matumba.

"Kachiwala!" ndinakuwa. "Kachiwala iwe!"

Ambiri anacheuka, poti mzimayi wopanda mpango akukuwa pamsewu ndi chinthu choonera. Ena anaseka n'kupitirira. Koma awiri anaima. Mmodzi anali pafupi ndi golosale. Wina anali tsidya lina la msewu, pansi pa pholo la magetsi, ataima chete, manja m'thumba, akundiyang'ana. Sanakodole, sanatsegule pakamwa. Ankangodikira.

Ndinamuyang'ana wa papholoyo ndi mphamvu zanga zonse. Ndinafufuza mphuno ya bambo, maso a amayi, chilichonse. Inali nkhope ya munthu basi, yotopa, yonga ya aliyense. Ndinayang'ana wa pagolosale, nayenso chimodzimodzi, koma anali wowonda miyendo. Ndinathamangira kwa iyeyo, ndinamugwira mkono n'kusolola dzanja lake m'thumba. Linali dzanja lathunthu, lakuda ndi oyilo, zikhadabo zonse zilipo.

"Mayi, kwagwanji?" anatero.

Nditacheuka, pansi pa pholo paja panalibe munthu.

Tinamufuna ndi amuna anga mpaka miyendo inatupa. Pakhonde la sitolo ya zitsulo sanafikeko, kuchipatala sanabwerereko. Anthu amene tinkawafunsa ankatifunsanso kuti ndi wooneka bwanji, ndipo amuna anga, amene anadya naye mbale imodzi zaka zonsezi, ankangokanda m'mutu n'kuyang'ana ine.

M'mawa mwake ndinapita kupolisi. Wapolisi amene ndinamupeza anali wachifundo, anandipatsa mpando, anandilola kulira mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi chithunzi cha munthu wosowayo. Ndinali nacho chimodzi chokha. Ndinatsegula foni n'kumupatsa.

Anachiyang'ana, anachikulitsa ndi zala, ndipo nkhope yake inawala ngati waona m'bale wake.

"Aa, awa ndimawadziwa! A chikhadabo chakuda aja?" Anandibwezera foni akumwetulira. "Khazikani mtima pansi, mayi, sanasowe awa. Ndawaonera pa foni m'mawa womwe uno, amatsuka nsapato ya mwana wasukulu."